Tulo Si Imfa

Magetsi anathima Lachiwiri dzuwa lili paliwombo,
nthawi imene phula la msewu wa Moatize limamata kunsapato
ndipo mbuzi zimabisala pansi pa malole a malasha.
Jeleira yanga inaleka kung'ung'udza.
Zii.
Kukhala chete kwakeko ndinakumvera m'mimba.

Munali makatoni atatu a karapau,
nkhuku khumi ndi ziwiri zangongole,
ndi timapaketi ta madzi a malambe ta ana asukulu.
Ndinaifunditsa bulangete ngati wodwala malungo.
Ndinauza Zeferino: usatsegule, ngakhale kusuzumira.
Pamwamba pa malata anga mawaya ochokera ku Songo
anapitiriza ulendo wawo, osacheuka.

Lachitatu timadzi tofiira tinatulukira pakona,
ntchentche zinamva uthenga ine ndisanauze munthu.
Lachinayi usiku, ngwee!
Ana anakuwa mudzi wonse, mawailesi anadzuka,
ndipo pofika m'mawa nsomba zinali gwa,
zoyera ndi chisanu, maso poyera,
ngati mboni zimene zagwirizana kunama.

Ndinathokoza Mulungu. Ndinapukuta sikelo.

Koma kunabwera Felizarda, mng'ono wanga,
uja amakhalira kusuzumira makhololo a anthu kuchipatala cha ku Tete.
Anatola nsomba imodzi, kuigogoda pakhoma,
nati: Achemwali, chisanu sichipha, chimagoneka.
Mukukumbuka achule a ku Revubwe?
Chilimwe chonse ali m'dothi louma, mungalumbire kuti anatha,
mvula kungowaza, usiku womwewo phokoso.
Tizilombo nato n'chimodzimodzi.
Kamodzi kamasanduka tiwiri musanamalize kutsuka mbale,
tiwiri tinayi mukadali kusesa pakhomo.
Masiku awiri aja munatipatsa dzinja,
tinakwatirana, tinabereka, tinamanga mudzi.
Lero mwagoneka mudzi wonse.
Udzadzukira m'mimba mwa mwana wa eni.

Ndinati: tikazinga kwambiri, mafuta owira sanyengerera.
Anati: tina timafa, inde,
koma poizoni amene tinasiya saopa moto nthawi zonse.
Ndinati: nunkhiza, sizikununkha.
Anati: mphuno si khoti.

Ndinamukwiyira.
Iye ali ndi malipiro a boma,
ine ndili ndi kope la bambo Alifandika
mmene dzina langa lalembedwa ndi inki yofiira.

Kenaka pazenera panaima mayi,
mwana kumsana, wina atagwira chitenje,
ndalama zachitsulo zitatentha m'chikhatho.
Karapau ziwiri, zazing'ono, anatero.
Wakumsanayo anandiyang'ana, chala kukamwa,
khosi lake lopyapyala ngati phesi la mapira.
Dzanja langa linali litafika kale pachivundikiro.

Zatha, mayi.
Ndinamva pakamwa panga pakunena.
Yesani kwa Dona Ermelinda.

Madzulo Zeferino anakumba kuseri kwa bafa,
dzenje lofika m'chiuno, kuopa agalu.
Tinakwirira mametikali zikwi zisanu ndi chimodzi
popanda nyimbo, popanda wopepesa.
Timapaketi ta malambe tinapita nawo,
poti tinasambira m'madzi a nkhuku.

Tsopano jeleira ikung'ung'udzanso, theka lopanda kanthu.
Nkhuku ndimaika pansi, zakumwa pamwamba.
Yoti ndiphike mawa siisungunukiranso padzuwa.
Pakona ndinaika kapu ya madzi oundana,
pamwamba pake kandalama ka metikali imodzi.
Ndikachokapo, kaya kumaliro ku Zobwe, kaya kutchalitchi,
pobwera ndimayamba kafunsa iko.
Kakakhala pamwamba, ndimatsegula zenera.
Kakamira,
ndiye kuti ogona aja anadzuka ine kulibe,
anadya, anaswana, nagonanso
nkhope zili zoyera.

Ngongole ikadalipo.
Mwana uja ndinamuona dzulo akuthamangitsa tayala,
fumbi kobo, kamimba patsogolo.
Sakundidziwa.
Sadzadziwa.